Funsani Za Ziweto: "Mwana wanga akufuna nsato m'nyumba, ndimulole?"

Moni nonse owerenga. Mwezi wathawu ndinangotchulako pang'ono kuti kunyumba kwanga kuno ku Birmingham ndimasunga ka nsato ka mtundu wa royal python, chaka chino ndi cha 11 tili limodzi, nde makalata omwe abwera si pang'ono ayi, ena a konkuno ku UK, ena ochokera ku Joni, ena kumudzi kwenikweni. Ndasankhapo omwe mafunso ake akufanana ndi a anthu ambiri. Mayina ndachotsa ngati mwa nthawi zonse.

FUNSO: Zikomo bambo. Ine ndi mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Leeds, ndimagwira ntchito ya care nde nthawi zambiri usiku ndimakhala ku shift. Mwana wanga wamkulu ali ndi zaka 14 ndipo wandivuta mpaka mutu kuwawa, akuti akufuna ball python ngati ya mnzake wa kusukulu, akuti siluma, sidya zambiri, sifuna kuyendetsedwa ngati galu. Ineyo njoka ndimaiopa kuyambira ndili mwana ku Mulanje koma sindikufuna kumukaniza chinthu chifukwa cha mantha anga chabe. Ndi zoona zomwe akunenazi? Nanga tiyambire pati? Wamng'ono ali ndi zaka 3.

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo sakunama, kungoti wakuuzani mbali imodzi. Ball python, yomwe kuno timaitchulanso royal python, ndi nsato yaing'ono yochokera ku maiko ngati Ghana, Togo ndi Benin, ikakula imafika mita imodzi kapena mita ndi theka basi. Ululu ilibe, nsato zonse zilibe ululu. Ikachita mantha m'malo moluma imadzipinda ngati nkhata n'kubisa mutu pakati, dzina loti ball, kutanthauza mpira, linachokera pamenepo. Kuluma imatha kuluma ndithu makamaka ikamva fungo la khoswe m'manja mwanu, koma bala lake ndi ngati mwakandidwa ndi minga, mumatsuka ndi sopo zatha.

Mbali yomwe sanakuuzeni ndi iyi, njoka imeneyi imakhala zaka 20 mpaka 30 ndipo zina zimapitirira, ku zoo ya St. Louis ku America kunali ina yomwe inaikira mazira mu 2020 ili ndi zaka 62. Mnyamata wanu pakangotha zaka 4 kapena 5 apita ku yunivesite ndipo m'mahostelo salola ziweto, nde amene adzatsale nayo ndi inuyo mayi, inu amene mukuti mumaiopa. Chonde lingalirani bwino pamenepa musanalowe mu shopu, chifukwa malo osungira nyama zosiyidwa kuno ali ndi nsato zambiri zomwe eni ake anagula ali ana kenako moyo unasintha. Ngati nyumba ndi ya rent afunseninso a landlord, boma silifuna laisensi pa royal python koma pepala lanu la nyumba likhoza kukana.

Mukavomera, musayambe ndi njoka, yambani ndi khola. Ligulidwe, liyatsidwe, liyende sabata yathunthu mulibe kanthu inu mukuyeza kutentha m'mawa ndi usiku, kenako ndiye mukatenge njokayo. Mudziwiretu kuti khola ndi zida zake zidya ndalama zambiri kuposa njoka yeniyeniyo. Yaikulu imafuna khola la masentimita 120 mulitali, 60 mulifupi, 60 kukwera m'mwamba, la matabwa kapena pulasitiki yolimba, osati thanki ya nsomba ya galasi yokhala ndi waya pamwamba, imeneyo kutentha ndi chinyezi zimangothawa. Thupi la njoka silidzitenthetsa lokha ngati lathu, limadalira pomwe yagona, nde mbali imodzi ya khola ikhale madigiri 30 mpaka 32, mbali inayo 24 mpaka 26, kuti izisankha yokha koti ikhale. Mbali zonse ziwiri muikemo pobisala, pothina poti ikalowa thupi lizigunda m'mbali, pakuti kwawo kutchire masana imakhala m'mauna ndi pansi pa chulu, khola loyera mbee lopanda pobisala limaisowetsa mtendere mpaka kusiya kudya. Beseni la madzi likhale lolemera loti isagubuduze, chinyezi chikhale cha m'ma 60 peresenti ndipo muziyeza ndi kachipangizo osati kungoganizira.

Pa thermostat pokha, kachipangizo kochepetsa kapena kuzimitsa magetsi kutentha kukafika pomwe mwaika, sindinyengerera munthu. Chilichonse chotenthetsa, kaya ndi babu kaya ndi kamphasa ka magetsi koika pansi kaja, chidutse mu thermostat, ndipo babulo likhale ndi chotchinga cha waya. Ndikunena izi chifukwa zinandionekera ine. Pomwe ndinkagula yangayi wogulitsa anandipatsa kamphasa osanditchulira za thermostat, ine posadziwa ndinangolumikiza kukhoma, patatha masabata awiri ndikuitembenuza ndinapeza pamimba pafiira mamba akusupuka. Njoka sithawa msanga pamalo otentha kwambiri, imangokhala pomwepo mpaka kupsa. Zinatenga miyezi ndi maulendo angapo kwa dokotala wa ziweto kuti ipole, chipsera chilipobe mpaka lero ndipo ndikachiona mtima umandiwawa.

Njokayo mugule yobadwira m'khola, kwa munthu woweta amene angakuuzeni tsiku lomwe inaswa ndi kukuonetsani pomwe amalemba zakudya, ikhale yoti yadyapo kale kangapo khoswe wa mu freezer. Iyang'anitsitseni, thupi likhale lodzadza osati msana wosongoka ngati denga, pakamwa pasakhale thovu, ikamapuma pasamveke kaphokoso, lilime lizituluka pafupipafupi, ndipo m'mbali mwa maso ndi pansi pa chibwano musakhale tizilombo takuda ting'onoting'ono ngati utitiri wa nkhuku. Mwana adzakopeka ndi za mawanga okongola, zilipo mitundu yambirimbiri, koma mtundu wotchedwa spider mumukanize, umabadwa ndi vuto loti mutu umagwedezeka ndipo zina zimalephera olo kulunjika chakudya, bungwe la International Herpetological Society linaletsa kugulitsa mtunduwu pa ziwonetsero zake mu 2018.

Tsono za wamng'ono wa zaka 3 uja ndi zomwe zikundidetsa nkhawa. Njoka ndi abuluzi zimanyamula majeremusi a salmonella olo zikuoneka zaukhondo bwanji, kwa mwana wamng'ono amatsegula m'mimba koopsa, n'chifukwa chake a zaumoyo amalangiza kuti mwana wosakwana zaka 5 asamagwire nyama zotere. Inu muli ku shift usiku, ndani aziona kuti m'manja mwasambidwa, kuti beseni la njoka silikutsukidwira mu sinki ya kukhitchini, kuti khola lakhomedwa? Ndikanakhala ine ndikanadikira zaka ziwiri. Pakadali pano mnyamatayo azisunga ndalama ya khola ndipo azipita kwa mnzake uja kukathandiza kuchotsa chimbudzi cha njoka ndi kusungunula makoswe, muone ngati chidwi chake chipirire zimenezo.

FUNSO: Akulu, ine ndili ku Joburg ndimagwira ya security. Pali mkulu wina pa Facebook akugulitsa ka boa kakang'ono komanso ka Burmese python, mitengo yake ndiyofikirika ndithu, sindinasungepo njoka koma ndimazikonda heavy. Ball python ndimaiona ngati yogonagona ine ndikufuna yoti ikule izioneka. Nditenge iti? Komanso magetsi kuno amathimathima, singafe?

YANKHO: Achimwene, Burmese ija isiyeni, musaiganizirenso. Pachithunzi kamaoneka ka m'manja, masentimita 50 kapena 60, koma pakatha zaka zochepa muli ndi chinjoka cha mamita 3 kupita 4 chofuna akalulu, chipinda chakechake, ndi anthu awiri kapena atatu pochinyamula. Ku Florida anthu anagula chomwechi m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, zina zinathawa zina zitakula eni ake anakazitaya ku madambo a Everglades, pano zaswana kumeneko ndipo zatha tinyama tambiri ta m'dambomo, boma la America linachita kuletsa kulowetsa mtunduwu m'dziko mu 2012, ndipo mu 2023 anagwira ina yotalika mamita 5.79. Si njoka ya munthu woyamba ndipo si njoka ya mu room ya rent.

Boa ndiye tikhoza kukambirana. Yofala m'mashopu ija kwawo ndi kuyambira ku Mexico kutsika mpaka ku Colombia, imadya mosavuta, sikanakana chakudya ngati ball python, ikazolowera manja imakhala yofatsa komanso imayendayenda, nde ndikumvetsa chomwe chakukopani. Koma yaikazi imafika mamita awiri mpaka awiri ndi theka, yojintcha, ndi mphamvu zoti mudzadabwa nazo. Khola lake lomaliza ndi losachepera mamita awiri mulitali, tengani tepi lero muyeze khoma la room yanu muone ngati bedi litsale ndi malo. Ngati mwatsimikiza tengani yaimuna, imakhala yocheperapo. Osaikoleka m'khosi ngati mkanda pojambulitsa, siikhala ikufuna kukuphani ayi koma ikaona ngati igwa imagwiritsitsa, ndipo khosi la munthu silichedwa. Ikapitirira mamita awiri pazikhala munthu wina m'nyumba pomwe mukuitulutsa. Osaidyetsa mowirikiza kuti ikule msanga, yaikulu khoswe wamkulu mmodzi pa masabata atatu kapena anayi wakwana, boa zambiri za m'makola zimadwala ndi mafuta. Makoswe a mu street kapena a m'nyumba osaipatsa, ali ndi nyongolotsi ndipo ambiri amakhala adya tameki. Palinso matenda otchedwa IBD omwe boa imatha kukhala nawo nthawi yaitali osaoneka, alibe mankhwala ndipo nsato akazigwira zimafa msanga, nde mukadzafuna njoka yachiwiri idzayambe yakhala chipinda china miyezi itatu.

Ngati tepi ija yakuuzani kuti malo palibe, funsani za Children's python ya ku Australia, imakula pafupifupi mita imodzi ndipo usiku imayendayenda bwino. Dzinalo silikutanthauza ana ayi, anaitcha potengera katswiri wina wa ku Britain, John George Children.

Wa pa Facebook yo musamutumizire ndalama musanaione njoka ndi maso, pitani komwe amasungira muone ukhondo wake. Malamulo a nyama ku South Africa amasiyana province ndi province, ku Western Cape mwachitsanzo a zachilengedwe a CapeNature amafuna permit, nde funsani kaye ku ofesi ya zachilengedwe ya Gauteng musanagule. Ndipo wina akakutsatsani nsato yogwidwa kutchire konko thawani, ndi yotetezedwa ndi lamulo, inu ndinu mlendo m'dziko la eni mlandu wa nyama simukuufuna.

Za magetsi, maola awiri kapena anayi sangaiphe ngati khola ndi la matabwa lotsekeka bwino, liphimbeni ndi bulangete. Povuta ndi mu June ndi July pomwe usiku ku Joburg kumazizira mpaka kuyandikira 0. Botolo la madzi otentha lokulunga mu thawulo limathandiza, koma lisagunde thupi la njoka. Mukaona kuti masiku amenewo magetsi akuvuta kwambiri musaidyetse, njoka yozizidwa sigaya, chakudya chimaola m'mimba kenako imasanza, ndipo kusanza kumaifoola kuposa kukhala ndi njala sabata imodzi. Mbaula m'chipinda chotseka ayi, mufa nonse awiri.

FUNSO: Ine ndi mnyamata wa zaka 19 ku Nkhotakota. Tikulambula kudimba tinapeza tiana ta nsato titatu pafupi ndi chulu, tiwiri anzanga anapha koma kamodzi ndinakalanditsa ndakaika mu ndowa ndatseka ndi sefa. Ndimaonera mavidiyo a azungu akusunga nsato nde nanenso ndikufuna ndikawete mpaka kakule. Ndakapatsa mbewa kakukana. Ndipange bwanji?

YANKHO: Mphwanga, choyamba zikomo kuti unakalanditsa, pakati pa anzako atanyamula makasu iwe n'kunena kuti ayi si chinthu chapafupi, mtima umenewo usautaye. Koma kanjokako kabwezere. Ndikudziwa si yankho lomwe umafuna nde ndilole ndifotokoze bwino.

Za m'mavidiyo zija zambiri ndi mitundu yaing'ono ndipo zinabadwira m'makola, makolo ake anabadwiranso m'makola. Nsato yathuyi ndi njoka yaikulu kuposa zonse kummwera kwa Africa kuno, imafika mamita 3 mpaka 4 zina kupitirira 5, imameza nchenzi, apusi, agwape, mbuzi imene. Sizolowera manja mosavuta, mano ake ndi okhota kuloza kukhosi, yaikulu ikakuluma ndi zokasoka kuchipatala. Mu August 2013 ku Campbellton ku Canada nsato ya ku Africa, m'bale wake weniweni wa yathuyi, inatuluka m'khola kudzera mu paipi ya mpweya n'kupha ana awiri a zaka 4 ndi 6 ali mtulo. Kumeneko kunali khola lomangidwa ndithu, la munthu yemwe ankachita bizinesi ya nyama zomwezi. Iwe uli ndi ndowa ndi sefa, ndipo pakhomo panu ndikhulupirira pali ana, pali nkhuku, pali mbuzi za anthu.

Komanso lamulo la National Parks and Wildlife Act, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, silola munthu kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Munthu mmodzi yekha wokuchitira nsanje akakanena, iwe amene unachita chifundo ndi amene ukayankhe mlandu.

Kakukana mbewa chifukwa kali ndi mantha, komanso tiana ta nsato sitidya mpaka titafundula koyamba. Usakakakamize. Ika ndowayo pamthunzi pompano, padzuwa kafa tsiku lomwelo, ikamo kambale ka madzi, ndipo usachedwe nako masiku. Uli ndi mwayi kuti Nkhotakota Wildlife Reserve ili pafupi, komwe a African Parks akhala akugwira ntchito ndi boma kuyambira 2015, uza ma ranger kapena ofesi ya nyama zakutchire, a Lilongwe Wildlife Trust nawonso amalanditsa nyama zotere. Uwauzenso za chulu chija, ndikuuze chifukwa chake. Pulofesa Graham Alexander wa ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg anafufuza nsato zamtunduwu ndipo mu 2018 anaonetsa kuti yaikazi sithawa mazira akaswa, imakhala ndi ana ake pafupifupi masabata awiri, usiku amagona m'mapindi a thupi lake. Nde ngati tianato tinali pamodzi pakamwa pa una, make akhoza kukhala momwemo. Osapisamo dzanja, ana ndi mbuzi zisamapite pamenepo, koma musakatenthe chulucho chonde, pakapita masiku zibalalika zokha.

Anzako aja uwafunse kuti makoswe ndi nchenzi zomwe zimawathera mpunga ndi nzimbe amazidya ndani. Ndipo makolo athu nsato ankaidziwa ulemu wake, ku Khulubvi ku Nsanje akuluakulu amati Mbona amabwera ngati nsato, ku Msinja kwa Makewana kunali njoka yotchedwa Thunga. Sankaitsekera mu ndowa, ankaipatsa njira. Ngati njoka ukuzikondadi yang'ana kalabu ya Wildlife and Environmental Society of Malawi kufupi nawe, ndipo ku Dedza kuli Malawi College of Forestry and Wildlife, anthu osaopa njoka koma oilemekeza dziko lathu likuwasowa kwambiri.

FUNSO: Achimwene ndithandizeni, royal python yanga yaimuna ya zaka 3 yatha masabata 7 osadya chiyambire November, ndataya makoswe anayi. Mnzanga akuti ndiipatse khoswe wamoyo. Ndili ku Luton.

YANKHO: Mtima pansi achimwene, royal python ndi akatswiri pokana chakudya, makamaka zazimuna zikafika msinkhu nyengo yozizira ikalowa, zina zimatha miyezi itatu kapena inayi osadya n'kudzayambiranso ngati palibe chinachitika. Chomwe chikuuzeni zoona ndi sikelo. Iyezeni pa sikelo ya kukhitchini kamodzi pa masabata awiri muzilemba, ngati ikungotsika pang'onopang'ono palibe vuto, koma ikataya gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, kapena mukamva kaphokoso popuma, thovu kukamwa, kukweza mutu m'mwamba kukamwa kuli yasa, pitani kwa dokotala wodziwa njoka sabata yomweyo, osati aliyense wa agalu ndi amphaka.

Musanaiimbe mlandu njoka yezani khola. Nyumba zathu kuno November akalowa zimazizira ndipo mbali yozizira ija imatsika osadziwa, nthawi zambiri vuto limakhala pomwepo. Onaninso ngati pobisala sipanachepe kapena kukula kwambiri, ndipo siyani kuigwiragwira mpaka idye. Musamaipatse tsiku ndi tsiku, dikirani masiku 10 mpaka 14. Khoswe akhale wonenepa mofanana ndi pakati pa thupi la njoka, asungunuke mu firiji usiku wonse, kenako mumuike mu pepala la pulasitiki n'kumuviika m'madzi otentha bwino mpaka mutu wake ufunde, chifukwa nsato ili ndi timaenje pamlomo tomwe imamvera kutentha kwa nyama, khoswe wozizira kwa iyo si chakudya. Microwave ayi. Mupatseni usiku magetsi atathimitsidwa, ndi chopanira osati ndi zala, ikakana musiyeni pakhomo la pobisala mpaka m'mawa. Ikadya osaigwira masiku awiri.

Za khoswe wamoyo mnzanuyo musamumvere. Njoka yosafuna kudya simupha khoswe, amangokhala limodzi, ndipo khoswe wanjala amayamba kuidya njokayo pamsana mpaka fupa kuonekera, zithunzi zake ndinaziona kwa dokotala sindifuna kuzionanso. Komanso lamulo la Animal Welfare Act la 2006 limateteza khosweyo ku nkhanza chimodzimodzi njoka yanu. Zonsezi ndikunena za yaikulu, kakhanda kosakwana magalamu 100 kakadumpha chakudya katatu motsatizana musadikire.

FUNSO: Maso a nsato yanga asanduka otuwa ngati ng'ala ndipo khungu lazilala, yachita khungu?

YANKHO: Ayi, ikufuna kufundula. Masiku angapo maso ayeranso kenako pakatha masiku ena ochepa ivula. Nthawi imeneyi siona bwino nde imakhala yolusa, isiyeni. Kwezani chinyezi chifike 70 peresenti kapena kupitirirapo, muike moss (ndere) wonyowa pobisala pake. Chikopa chikatuluka chathunthu ngati sokosi ndiye kuti zili bwino, chikatuluka zidutswazidutswa khola lanu ndi louma. Yang'anani pa chofundulacho ngati timagalasi ta m'maso tatuluka nawo, komanso kunsonga ya mchira, chikatsalira kumeneko chimamanga magazi mpaka nsonga kuduka. Za m'maso zikatsalira osazikanganula ndi zala.

FUNSO: Bambo, amuna anga amasunga royal python kuno ku Manchester, ine ndinazolowera. Vuto apongozi anga akubwera kuchokera ku Dedza kudzakhala miyezi itatu ndipo sakudziwa. Ndikuopa akaiona adzati mwana wawo anakhwima n'chifukwa chake anamanga nyumba kumudzi, nkhani ikafika kwathu ndiye tathera pomwepo, mwinanso adzati ndine ndinabweretsa. Amuna anga akuti tingoibisa mu chipinda chokhoma. Tichite bwanji?

YANKHO: Chemwali, musaibise. Ndikunena ngati munthu amene anabisa.

Mayi anga atabwera kudzandiona koyamba ndinachita zomwe amuna anu akunenazo, ndinakhoma chipinda n'kunena kuti muli katundu. Tsiku lachinayi ndinaiwala kiyi pachitseko, iwo pofuna kusesa analowa. Usiku umenewo sanagone m'nyumba mwanga, anakagona kwa mayi wina wa kutchalitchi, ndipo pambuyo pake anandiuza kuti chomwe chinawapweteka si njokayo koma chitseko chokhomacho, chifukwa kwathu njoka yosungidwa mobisa m'chipinda chosalowa munthu tonse tikudziwa zomwe anthu amati ndi chani. Mukabisa mukuchita kuwajambulira chithunzi chomwe mukuchiopacho.

Ndipo mantha awo musawatenge ngati umbuli. Munthu amene wakulira kumunda waona mphiri ikulemaza mwendo wa munthu, mwina waikapo maliro, bungwe la WHO limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse padziko lonse ndi kulumidwa ndi njoka, ndipo ambiri ndi alimi a kumidzi ngati kwathu. Kwa iwo njoka m'nyumba ndi imfa, mwana wawo akuisunga dala, nde pafunika kuleza nawo mtima.

Owauza akhale amuna anu, mwana wawo, osati inu mtengwa, ndipo awauze pa foni asananyamuke, ngati n'kotheka pakhale malume kapena mlongo wawo wamkulu amene amamumvera. Awaonetse pa video call khola, thermostat, mapepala a kwa dokotala wa ziweto, awauze komwe anagula ndi mtengo wake, kuti kuno zimagulitsidwa mu shopu limodzi ndi akalulu ndi nsomba. Akafika khola lisakhale pabalaza kapena pafupi ndi pomwe akugona, likhale ndi loko pagalasi awaonetse kuti yakhomedwa, koma chitseko cha chipindacho chikhale chotsegula. Makoswe asakhale mu freezer imodzi ndi ndiwo, gulani kena kakang'ono, pamenepa ndiye apongozi sangakukhululukireni. Osaidyetsa iwo akuona pokhapokha atapempha okha, ndipo wina asayerekeze kuwabweretsera pafupi kuti "tangoigwirani amayi siluma". Akanenetsa pa foni kuti sangagone nyumba imodzi ndi njoka, alipo mashopu a zokwawa omwe amasungira anthu njoka polipira, kapena mnzanu wodziwa kusamala, miyezi itatu royal python siivutika nayo bola kutentha kuli bwino, koma iwo adziwe kuti ilipo ndipo yapita kwakuti.

Mayi anga anabwerera m'nyumba patatha masiku awiri abusa atalankhula nawo. Masabata otsatirawo ankaima patali kumandiona ndikusintha madzi, ndikupukuta chimbudzi, ndikulemba kulemera kwake mu kope, tsiku lina anati "ndiye ntchito yake ndi ngati ya nkhuku tu" ine ndinati eya amayi. Sanaigwirepo mpaka lero ndipo sindinawapemphepo. M'mawa wa tsiku lomwe ankabwerera kumudzi, zikwama zili kale m'galimoto, anaima pakhomo la chipinda chija osalowa, n'kundifunsa ngati ndaiikira madzi.